Mapiritsi a ku India, a ku Joni ndi a pa WhatsApp: tidalire ati?

Mayi wina wa ku Namwera wafunsa motere: "Bambo anga ali ndi matenda othamanga magazi ndipo amamwa amlodipine. Kuchipatala nthawi zina mankhwalawa sapezeka. Tikapita ku famase ku Mangochi boma timapeza a mitundu iwiri, otchipa a ku India ndi ena odula kwambiri. Achimwene anga amene ali ku Joni amatumizanso ena kudzera kwa onyamula katundu. Tsopano pa Facebook ndi pa WhatsApp pali wina amene akugulitsa mankhwala azitsamba amene akuti amachiziratu BP ndi shuga, ndipo botolo lake lili ndi QR code yosonyeza kuti ndi enieni. Kodi otchipa aja ndi mankhwala enieni? Nanga ndani amayang'anira zonsezi?"

Mayi, pa njira zimene mwatchulazi, imene mukuikayikira kwambiri, ya mapiritsi otchipa a ku India ogulidwa mu famase yovomerezeka, ndiyo imene ine ndingaidalire popanda mantha ambiri. Imene ikuoneka yamakono, ya botolo la QR code lija, ndiyo imene ndikukupemphani kuti bambo asaiyandikire n'komwe. Mapiritsi a achimwene anu ali pakatikati, ndipo ndiwafotokoza paokha. Muyeso umene ndimayesera mankhwala alionse ndi umodzi: piritsi ili litavulaza munthu, kodi pali njira yolilondolera kuchokera m'manja mwa wodwalayo kubwerera kwa wogulitsa, kwa amene analiitanitsa kunja, mpaka kufakitale imene inaliumba, ndipo kodi pa malo alionse a njirayo pali munthu wodziwika amene angayankhe mlandu? Mtengo, dziko lochokera, kukongola kwa bokosi ndi mawu a wotsatsa malonda siziyankha funso limeneli. Kwathu kuno munthu wosamala sagula ng'ombe yopanda kalata ya amfumu ngakhale itanenepa chotani, ndipo mankhwala nawonso ali ndi makalata awo.

Kutchipa kwa mapiritsi a ku India kuli ndi chifukwa chake chomveka. Kampani ikatulukira mankhwala atsopano imatenga patent, chilolezo chakuti iyo yokha ndiyo ipange ndi kugulitsa mankhwalawo kwa zaka 20 kuchokera tsiku limene inalembetsa, ndipo m'zaka zimenezo imaika mtengo umene ikufuna chifukwa palibe wopikisana nayo. Amlodipine anatulukiridwa ndi kampani ya Pfizer, imene inkawagulitsa ndi dzina lakuti Norvasc, ndipo patent yake ku America inatha mu 2007. Nthawi yotere ikakwana, mafakitale ena amaloledwa kupanga mankhwala omwewo, amene amatchedwa generic. Iwo salipira ndalama za zaka zambiri za kafukufuku, ndiponso amakhala ambiri olimbirana msika umodzi, choncho mtengo umagwa kwambiri. Koma asanaloledwe kugulitsa amayenera kuonetsa umboni wakuti piritsi lawo lili ndi mankhwala enieni omwewo, pa mlingo womwewo, ndiponso kuti munthu akalimwa mankhwalawo amalowa m'magazi mochuluka ndi mofulumira mofanana ndi piritsi loyambirira lija. Mtundu wa piritsi ndi kaumbidwe kake zikhoza kusiyana, ntchito yake m'thupi siyenera kusiyana.

Umboni wa zimenezi tikuyenda nawo m'midzi mwathu. M'chaka cha 2000 ma ARV a munthu mmodzi pa chaka ankadutsa madola 10,000, ndipo kuno kwathu matenda a Edzi ankatanthauza maliro. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ikhoza kupereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa chaka, ndipo m'chaka chomwecho mayiko anagwirizana ku Doha kuti malamulo a patent asamatsekere mayiko osauka njira yotetezera miyoyo ya anthu awo. Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Pofika 2017 piritsi limodzi lophatikiza la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir linalengezedwa pa mtengo wa pafupifupi madola 75 pa chaka. Anthu amene amwa mankhwalawa zaka makumi awiri, alera ana ndi kuona zidzukulu ku Malindi, ku Monkey Bay ndi kwanu ku Namwera komweko, amwa makamaka mapiritsi a mafakitale a ku India. Masiku ano makampani ena akuluakulu sadikiranso kuti patent ithe: mu Okutobala 2024 kampani ya Gilead inapereka chilolezo kwa mafakitale asanu ndi imodzi kuti apangire mayiko 120 jakisoni wa lenacapavir, woteteza ku HIV wobaya kawiri pa chaka, pamene ku America komweko jakisoniyu anadzavomerezedwa pa ntchito imeneyi mu Juni 2025.

Ndisakunamizeni kuti chilichonse chochokera ku India ndi chabwino. Mu 2013 kampani ya Ranbaxy inavomera mlandu ku America wopanga mankhwala mosatsata ndondomeko ndi kunamiza oyang'anira, ndipo inalipira madola 500 miliyoni. Mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia impso zawo zitaonongeka, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza za mankhwala amadzi a chifuwa ochokera kufakitale ina ya ku India amene anapezeka ndi poizoni wa diethylene glycol ndi ethylene glycol. Mayiko olemera nawonso zimawagwera: mu 2018 valsartan, amene ndi mankhwala a BP ngati a bambo anu, anachotsedwa m'masitolo ku Ulaya ndi ku America atapezeka ndi zinthu zokhoza kuyambitsa khansa zimene zinachokera kufakitale ina ya ku China. Chimene chinapulumutsa anthu pa nkhani ya valsartan ndi chakuti bokosi lililonse linali ndi batch number, nambala ya gulu la mapiritsi opangidwa nthawi imodzi, ndipo panali mabuku osonyeza kumene gulu lililonse linapita. N'chifukwa chake funso loyenera si lakuti "achokera dziko liti," koma lakuti "apangidwa ndi fakitale iti, ndipo anaiyendera ndani."

Kuno ku Malawi ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, m'malo mwa bungwe lakale la Pharmacy, Medicines and Poisons Board limene linkayendera lamulo la 1988. Ndilo limalowetsa mankhwala m'kaundula asanayambe kugulitsidwa, limapereka zilolezo zoitanitsira mankhwala kunja, limapereka ziphaso kwa ma famase ndi kwa akatswiri ogwiramo ntchito, limayeza mankhwala mu labotale, limalamula kuti oipa achotsedwe pamsika, ndipo limaunika mauthenga otsatsa mankhwala. Lamulo limasiyanitsanso mankhwala: panado akhoza kugulitsidwa mugolosale, koma a BP, a shuga ndi makapusozi ngati amoxicillin amafuna kalata ya dokotala ndi malo ovomerezeka.

Kusintha kwakukulu kumene kwachitika m'zaka zapitazi ndi kwakuti mabungwe otere aphunzira kudalirana. Dziko ngati lathu silingakwanitse kutumiza oyendera ku fakitale iliyonse ya ku Hyderabad kapena ku Mumbai, mizinda ya ku India, ndipo kuyesera kutero kungangochedwetsa mankhwala. Kuyambira 2001 WHO imaunika mankhwala a HIV, a malungo, a TB ndi ena, n'kuyendera mafakitale ake, ndipo amene akhoza amalowa pa mndandanda umene mabungwe ogulira mayiko osauka mankhwala amatsatira. Mu 2013 mayiko a Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia anayamba kuunikira limodzi mafayilo a makampani, mgwirizano umene umatchedwa ZAZIBONA potengera zilembo zoyamba za mayina awo, ndipo mayiko ena a SADC, kuphatikizapo Malawi, anadzalowamo. Pangano lokhazikitsa bungwe la Africa yense, African Medicines Agency, linavomerezedwa mu 2019, linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2021, ndipo likulu lake lili ku Kigali. WHO imayezanso mabungwe a m'mayiko pa masitepe anayi, ndipo mu 2018 bungwe la ku Tanzania, oyandikana nafe, linakhala loyamba mu Africa kufika sitepe yachitatu, imene imatanthauza bungwe lokhazikika ndi lodalirika.

Kudalirana kumeneku kuli ndi phindu limene ife a m'mphepete mwa nyanja tingalimvetse bwino. Likodzo latizunza kwa nthawi yaitali, ndipo piritsi la praziquantel limene ana amalandira kusukulu ndi lalikulu ndi lowawa, losayenera kamwana ka zaka ziwiri kamene kamasamba m'nyanja momwemo ndi amayi ake. Piritsi laling'ono losungunuka m'madzi lopangidwira ana otere, arpraziquantel, linaunikidwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la ku Ulaya mu Disembala 2023 ngakhale kuti si la odwala a ku Ulaya, ndipo WHO inaliika pa mndandanda wake mu 2024, kuti mayiko a kuno asayambirenso ntchito yonse pachiyambi. Ine ndimagwirizana nayo kwambiri njira imeneyi. Koma nkhawa yanga ili pa mbali ina: kuunika mafayilo kwapita patsogolo kuposa kuyendera misika. Fayilo imaunikidwa pa desiki ku Lilongwe, pamene mankhwala amagulitsidwa pa benchi pa tsiku la msika ku Chiponde, pafupi ndi malire a Mozambique, kapena ku Makanjira kumene woyendera safikako kawirikawiri. Ngozi yaikulu kwa bambo anu ili pakati pa doko lolowera katundu ndi pakamwa pawo.

Mu 2017 WHO inanena kuti pa mankhwala khumi alionse a m'mayiko osauka ndi apakatikati, amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pa muyeso. Magulu awiriwa ndi osiyana. Achinyengo ndi amene wina wawapanga mwadala kuti anamize za chimene ali kapena kumene achokera. Osafika pa muyeso ndi a fakitale yeniyeni, koma analakwika popanga kapena anaonongeka posunga. Gulu lachiwirili silikambidwa mokwanira kuno kwathu. Mabokosi ambiri amalembedwa kuti asungidwe pa malo osapitirira madigiri 25 kapena 30, ndipo inu mukudziwa mmene chipinda cha malata chimatenthera ku Mangochi boma mu Okutobala ndi Novembala. Piritsi lotenthedwa nthawi zambiri silisintha nkhope, limangochepa mphamvu, ndipo insulin ya odwala shuga imaonongeka msanga kuposa mapiritsi.

Apa ndi pamene mapiritsi a achimwene anu akulowera. South Africa ili ndi bungwe lolimba loyang'anira mankhwala, SAHPRA, ndipo amlodipine wogulidwa mu famase ya kumeneko ndi wabwino. Koma kumenekonso mankhwala a BP amafuna kalata ya dokotala, choncho ndi bwino kuwafunsa achimwenewo mwaulemu kumene amawatenga, poti bambo sanapimidwepo ndi dokotala wa ku Joni. Ngati amawagula kwa munthu wapamsewu, njira yolondolera ija yaduka kale. Kenako ganizirani ulendo: katundu amakhala masiku angapo m'ngolo yokokedwa ndi basi kapena m'lole, amaima pa Beitbridge, amadutsa ku Tete kumene kutentha kwake kumaposa ngakhale kwa kuno. Vuto lina limene ndimaliopa koposa ndi la mlingo. Amlodipine alipo wa 5 mg ndi wa 10 mg, alipo wophatikizidwa ndi mankhwala ena a BP m'piritsi limodzi, ndipo mayina a pa mabokosi amasiyana. Nkhalamba ikaona mabokosi awiri a mayina osiyana imaganiza kuti ndi mankhwala awiri n'kumamwa onse, BP n'kutsika mopitirira, chizungulire n'kuigwetsa pobwera kuchimbudzi usiku. Achimwene anu akuchita zimenezi chifukwa chokonda bambo awo, ndipo thandizo lawo lingakhale lotetezeka kwambiri atamatumiza ndalama kuti mankhwalawo muzigula kuno, m'famase imodzi imene ikuwadziwa bambowo.

Za kusiyana kwa mitengo m'famase ndinena mwachidule. Mankhwala athu ambiri timaitanitsa kunja ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inakwera mosiyanasiyana malinga ndi nthawi imene woitanitsa aliyense anagulira katundu wake ndi kumene anapeza ndalama zakunja. Komanso makampani a generic nawo anaphunzira malonda: amapatsa piritsi lawo dzina lokoma ndi bokosi lowala, n'kulikweza mtengo, ngakhale m'kati muli amlodipine yemweyo. Werengani dzina laling'ono lolembedwa pansi pa dzina lalikulu, pamodzi ndi mlingo wake. Ngati zikufanana ndipo onse awiri ndi olembedwa m'kaundula, kugula odulawo sikuwonjezera kanthu pa thanzi la bambo.

Kutsatsa mankhwala kwasintha kwambiri, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake malamulo amakuletsa kuposa kutsatsa sopo kapena feteleza. Wogula sopo amaona yekha ngati akuchapa bwino, koma wodwala sangadziwe yekha ngati piritsi likuteteza impso zake. Pa dziko lonse ndi mayiko awiri okha, America ndi New Zealand, amene amalola makampani kutsatsa mwachindunji kwa anthu wamba mankhwala ofuna kalata ya dokotala. Kwina konse makampani amalunjika kwa olemba mankhwala, kudzera mwa nthumwi zoyendera zipatala, misonkhano ya m'mahotela ndi timphatso. Kumene zimenezi zingafike zinaoneka ku America, kumene kampani ya Purdue Pharma inatsatsa mankhwala opha ululu a OxyContin kuyambira 1996 mochepetsa kuopsa kwake kozolowereka m'thupi, ndipo inavomera milandu mu 2007 ndi mu 2020 anthu ambirimbiri atalowa kale m'mavuto. Mu 2010 dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti makampani aziulula poyera ndalama ndi mphatso zimene apereka kwa madokotala. Ndikanakonda lamulo lotere litafikanso kuno, chifukwa kiliniki yapulaiveti imene imalemba mankhwala n'kuwagulitsanso yokha ili pa mayesero aakulu.

Foni yasuntha malonda onsewa kuchoka pa wailesi ndi m'nyuzipepala, kumene bungwe likhoza kuona ndi kuletsa, kupita m'magulu a WhatsApp kumene sililowa. Lamulo lathu limafuna kuti uthenga wotsatsa mankhwala, kuphatikizapo azitsamba, uyambe wavomerezedwa ndi PMRA usanaulutsidwe. Nyumba youlutsa mawu ili ndi chiphaso chimene ingaope kuluza, koma munthu wa nambala ya foni yokha alibe choluza; akatsekeredwa lero, mawa atsegula tsamba lina. Chida chake chachikulu ndi umboni: mayi wolankhula Chiyao kapena Chichewa chathu chomwechi, akufotokoza ndi misozi kuti anasiya mapiritsi a kuchipatala ndipo ali bwino. Simungadziwe ngati analipidwa, simungadziwe BP yake lero, ndipo amene anamwa botolo lomwelo n'kufa ziwalo sajambulidwa. Dziwaninso kuti Facebook imaonetsa munthu zinthu zofanana ndi zimene waimapo kale. Mukaonera uthenga umodzi wa mankhwala a BP mpaka kumapeto, mawa mulandira ena ambiri, ndipo mudzayamba kuganiza kuti dziko lonse likuwatama, pamene ndi makina chabe amene aona kuti pakhomo panu pali wodwala.

Sindinyoza zitsamba, ndipo munthu wodziwa mbiri ya mankhwala sangazinyoze. LA amene timamwa pa malungo kuyambira 2007 ali ndi artemether, wochokera ku chitsamba cha Artemisia annua, ndipo mayi wa ku China, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona, ndipo metformin wa odwala shuga chiyambi chake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Kusiyana kwake ndi kwakuti mankhwala amenewa anapatulidwa, anayezedwa mlingo, anayesedwa pa odwala ambiri moyerekeza ndi ena, ndipo zoipa zake zinalembedwa. Botolo la pa WhatsApp silinadutse m'zimenezi, ndipo botolo la mwezi uno likhoza kusiyana mphamvu ndi la mwezi wamawa.

Mawu akuti "amachiziratu" ndiwo akundidetsa nkhawa kwambiri. BP ya anthu ambiri achikulire sichizika, imangogonjetsedwa tsiku ndi tsiku ndi mankhwala, kuchepetsa mchere ndi kusiya fodya. Ndi matenda osamveka kuwawa, moti bambo akasiya amlodipine akhoza kutha miyezi akudzimva bwino, akuyamikira botolo lija, pamene mitsempha ya mu ubongo, mtima ndi impso zikuonongeka, mpaka tsiku la sitiroko. Palinso chinyengo china chimene mabungwe oyang'anira mankhwala m'mayiko ambiri achigwira mobwerezabwereza: kuthira mankhwala achizungu mobisa m'zinthu zotchedwa zachilengedwe kuti wogula amve kuti zikugwira ntchito. M'zopatsa abambo mphamvu mwapezeka sildenafil, amene ndi woopsa kwa munthu womwa mankhwala ena a mtima. M'za nyamakazi mwapezeka dexamethasone, amene amakweza BP ndi shuga. M'za shuga mwapezeka glibenclamide, amene akhoza kutsitsa shuga mpaka munthu kukomoka.

Tsopano QR code ija. Kachizindikiro kameneka ndi njira chabe yolembera mawu kapena adiresi ya pa intaneti mwa timabokosi, ndipo aliyense wokhala ndi foni akhoza kukapanga m'mphindi imodzi kwaulere. Mukakajambula n'kukufikitsani pa tsamba lolembedwa kuti mankhwalawa ndi enieni, dzifunseni kuti tsambalo ndi la yani. Ngati ndi la wogulitsa yemweyo, ndiye kuti iye akudzichitira yekha umboni. Njira zenizeni zotetezera mankhwala ndi makina zimayenda mosiyana. Ku Ulaya, kuyambira pa 9 Febuluwale 2019, bokosi lililonse la mankhwala ofuna kalata ya dokotala limakhala ndi nambala yakeyake imene palibe bokosi lina lili nayo. Fakitale imailowetsa m'nkhokwe ya pakompyuta, ndipo famase imaifufuza ndi kuichotsamo pamene ikupereka bokosilo kwa wodwala, moti nambala yomweyo ikaonekeranso kwina makina amachenjeza. Ku Nigeria bungwe la NAFDAC linayamba mu 2010 njira yakuti wogula apale pa paketi ngati mmene tinkapalira makadi a mayunitsi, atumize nambalayo pa SMS, n'kulandira yankho. India nayo inalamula kuti kuyambira mu 2023 mitundu 300 ya mankhwala ogulidwa kwambiri ikhale ndi QR code.

Ngakhale njira zimenezi zili ndi malire. Nambala imatsimikiza bokosi, sitsimikiza kuti bokosilo silinagone padzuwa, ndipo pamene QR code ili yofanana pa mabokosi onse a gulu limodzi, wachinyengo akhoza kungoikopera. Chimene chimapatsa njirazi mphamvu si kachizindikiro ka pa bokosi, koma nkhokwe ya nambala imene wogulitsa sangaisinthe yekha, ndi bungwe lokhala ndi mphamvu yotseka sitolo. Dziko lonse likulowera kumeneko, ndipo mudzaona mabokosi ochuluka okhala ndi tizizindikiro totere tosonyeza batch number ndi tsiku lothera mphamvu, koma pa botolo lopanda dzina la fakitale ndi adiresi yake kachizindikiroko n'kokongoletsa chabe.

Kumene makina atithandiza kwenikweni kuno kwathu ndi kumene odwala sakuona. Azaumoyo a m'zipatala za m'midzi akhala akutumiza pa SMS, kudzera mu njira ya cStock, kuchuluka kwa LA, thanzi ORS ndi mankhwala ena a ana amene atsala nawo, kuti chipatala chaching'ono chiwakonzere ena asanathe. Zipatala zimatumiza malipoti a mankhwala pa kompyuta kudzera mu OpenLMIS, kuti boma ndi nkhokwe ya Central Medical Stores Trust adziwe kumene kwasowa chiyani. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimalola munthu kulankhula ndi wazaumoyo wophunzira, ndipo mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyeserako tindege topanda woyendetsa tonyamula zinthu zachipatala. Ntchito zimenezi ndi zofunika chifukwa chimene chimakankhira anthu kwa mavenda ndi kwa ogulitsa a pa foni si umbuli, koma kubwezedwa pawindo la mankhwala ndi mawu akuti "atha, kaguleni." Komabe kompyuta imangonena kuti amlodipine watha, simugula. Kumafunikabe ndalama zakunja, galimoto ndi mafuta.

Pamsika mudzapezanso mankhwala enieni a boma amene anatuluka m'chipatala mwakuba. Amenewa ndiwo amasokoneza anthu kwambiri, chifukwa nthawi zina amagwiradi ntchito, koma aliyense wowagula akulipira munthu amene anachititsa kuti pawindo paja pakhale popanda kanthu. Pa benchi lomwelo makapusozi amagulitsidwa awiri kapena anayi malinga ndi ndalama ya wogula, ndipo nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri boma lathu lino la Mangochi, ambiri anathamangira makapusozi pamene chopulumutsa moyo choyamba chinali thanzi ORS ndi kufika msanga kuchipatala. Kumwa kotereku kumaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, vuto limene kafukufuku wamkulu anapeza kuti linapha mwachindunji anthu pafupifupi 1.27 miliyoni pa dziko lonse mu 2019.

Ogulitsa ena a pa foni amapempha chithunzi cha buku la kuchipatala kuti aoneke ngati madokotala. Musatumize. M'bukumo muli matenda onse a bambo, ndipo ngakhale Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makina, la 2024, n'kovuta kuligwiritsa ntchito pa munthu amene simukudziwa dzina lake lenileni ndi kumene amakhala.

Chimene ndikukulangizani ndi ichi. Sonkhanitsani mankhwala onse amene ali m'nyumba, a kuchipatala, a ku famase, a ku Joni, ndi botolo lazitsamba ngati munagula kale, mupite nawo pamodzi ndi bambo ndi buku lawo ku kiliniki ya BP, kuti adokotala aone okha zimene akumwa, awapime, ndi kulemba momveka dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Akasowa kuchipatala, gulani ndi bukulo m'famase ya chiphaso. Muli ndi ufulu wopempha kuona chiphasocho ndi kulandira lisiti. Musalandire mapiritsi a m'kapepala kopanda dzina, ndipo pa kachitsulo kosungira mapiritsi onani dzina, mlingo, batch number ndi tsiku lothera mphamvu. Kunyumba asungeni m'bokosi lawo pa malo ozizirirapo, kutali ndi denga, zenera ndi moto. Bambo akangopotoka pakamwa, kufooka mbali imodzi kapena kulephera kulankhula bwino, pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.

Amlodipine amatupitsa mapazi mwa anthu ena ngakhale ali weniweni, choncho mukaona zotere musamusiye nokha, kauzeni adokotala kuti asinthe mlingo kapena mankhwala. Koma mukaona mapiritsi ophwanyika okha, osintha mtundu, kapena BP ikukwera chiyambireni bokosi latsopano pamene bambo sakudumphitsa, musataye bokosilo. Liperekeni kwa wa famase kapena kwa adokotala ndipo muwapemphe kuti alembe lipoti lopita ku PMRA, poti pali mafomu a ntchito imeneyi. Nambala ya pa bokosilo ndiyo imene bungwelo lidzalondolere kwa woitanitsa ndi ku zipatala ndi ma famase ena onse amene analandira gulu lomwelo.